Mendulo ya Sajeni Sumani ndi Mitu Yomwe Idasenza Mizinga



Mnyamata wa pa Jali kapena pa doko la Kachulu akamva mawu oti chiwaya, maganizo ake amathamangira ku tchipisi ndi nyama yokazinga. Kwa agogo a agogo ake, mawu omwewa ankaimitsa mtima. Chiwaya idali mfuti yolavula zipolopolo mazanamazana pa mphindi imodzi, ndipo nkhondo yoyamba ya dziko lonse, yomwe idayamba mu 1914 n'kutha mu 1918, anthu a dziko lino adaitcha nkhondo ya chiwaya. Mwezi wa Novembala uliwonse malipenga amalira pa chipilala cha asilikali mu mzinda wa Zomba, anthu n'kuvala duwa lofiira pachifuwa pokumbukira omwe adafera ku nkhondo. Nkhani ya lero ikukhudza msilikali mmodzi wa nkhondo imeneyo yemwe dzina lake lidalembedwa, Sajeni Sumani, ndi khwimbi la amuna omwe adasenza mizinga, zipolopolo ndi ufa pamitu pawo koma maina awo sadalembedwe pa mwala uliwonse. Ena mwa amuna amenewo adachokera m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Chilwa.

Gulu la nkhondo lomwe lidaumba Sumani lidabadwira mu Zomba momwemu. Boma la atsamunda litakhazikitsa likulu lake patsinde pa phiri, lidayamba kulemba amuna a dziko lino usilikali, ndipo pa 1 Januwale 1902 magulu a m'maiko angapo adaphatikizidwa n'kukhala King's African Rifles, dzina lomwe malilime a kuno adalifupikitsa kuti Keyala. Bataliyoni yoyamba ndi yachiwiri zidali za Nyasaland, ndipo kwawo kudali ku Zomba. Poyamba ambiri mwa olembedwa adali Ayao ndi Atonga. Kenaka Angoni, Amang'anja ndi Alhomwe nawonso adachuluka. Pamene mabataliyoni a ku Kenya ndi Uganda ankalamulidwa m'Chiswahili, a kuno ankalamulidwa m'Chinyanja, ndipo mzungu aliyense wobwera kudzawatsogolera ankayenera kuchiphunzira.

Amuna amenewa adaponda maiko akutali nkhondo ya chiwaya isadayambe n'komwe. Mu 1900 ena adakamenya nkhondo kwa Aashanti, m'dziko lomwe lero ndi Ghana. Kenaka adatumizidwa ku Somaliland kukalimbana ndi ankhondo a Mohammed Abdullah Hassan. Kumeneko, pa malo otchedwa Erego, pa 6 Okutobala 1902, mtsogoleri wawo Alexander Cobbe adapezeka ali yekha kutsogolo ndi mfuti ya chiwaya ya mtundu wa Maxim. Adaibweza, adaiomba pa nthawi yomwe zinthu zidathina, kenaka adatulukanso pakati pa zipolopolo kukanyamula msilikali wovulala. Adalandira Victoria Cross, mendulo yaikulu koposa ya Angerezi, ndipo mpaka lero kampu ya asilikali ya mu Zomba imatchedwa Cobbe Barracks. Patangopita miyezi isanu ndi umodzi, mu Epulo 1903, gulu lina la bataliyoni yachiwiri lidazingidwa pa Gumburu ndipo lidaphedwa pafupifupi lonse zipolopolo zitalithera. Phunziro la pa Gumburu lidali lowawa: mfuti, kaya ikule bwanji, imasanduka chitsulo chabe ngati wobweretsa zipolopolo sadafike.

Dzina la Cobbe mwana aliyense wa mu Zomba amalidziwa. Dzina la Sumani ndi ochepa adalimvapo, ngakhale kuti iye ndiye mwana wa dziko lino. Pomwe nkhondo inkayamba mu 1914, Sumani adali ndi udindo womwe Angerezi ankautcha Colour Sergeant, kutanthauza sajeni wamkulu wa gulu la asilikali pafupifupi 100 lotchedwa kampani. Udindo umenewu munthu sankaupeza chaka chimodzi. Sajeni wamkulu ankadziwa msilikali aliyense ndi dzina lake, mudzi wake ndi kufooka kwake. Ankaphunzitsa olembedwa kumene kuguba ndi kugwira mfuti, ankayang'anira kagawidwe ka chakudya ndi zipolopolo, ankaweruza timikangano ta m'kampu, ndipo ndiye ankasandutsa lamulo la mzungu kukhala mawu omwe amuna a kumudzi angawamve n'kuwatsata. Maofesala achizungu ankabwera, kukhala zaka zochepa n'kubwerera kwawo. Masajeni ndiwo ankatsala. Koma lamulo la masiku amenewo silinkalola munthu wa dziko lino kukhala ofesala, kaya adziwe ntchito motani. Usajeni ndiwo udali denga lake.

Nkhondo itabuka mu Ogasiti 1914, makampani ena a bataliyoni yoyamba adali kale ku Kenya, ndipo Sumani adali m'gulu limenelo. Ajeremani, omwe ankalamulira dziko lomwe lero ndi Tanzania, adayang'ana maso awo pa Mombasa, chifukwa pamenepo padali doko lalikulu ndi chiyambi cha njanji yopita ku Uganda. Gulu lawo lotsogozedwa ndi Captain Baumstark lidadutsa malire n'kumakwera m'mbali mwa nyanja yamchere. Pa njira yawo padali mudzi wa Gazi, kumwera kwa Mombasa, pomwe Major Hawthorn adaika asilikali ake, kuphatikizapo amuna a ku Nyasaland.

Kumayambiriro kwa Okutobala 1914 Ajeremani adaukira Gazi ndi mfuti za chiwaya zingapo. Malowo adali a minda ndi thengo lowirira, moti mdani ankaoneka atafika kale pafupi. Kampani ya Sumani idalamulidwa kuti ituluke ikawabweze. M'kanthawi kochepa maofesala onse a kampaniyo adalasidwa, ndipo Hawthorn yemwe adavulala. Pa nkhondo, mphindi yoopsa koposa ndi imeneyi. Asilikali akaona atsogoleri awo ali pansi, aliyense amayamba kuganiza za moyo wake, mzere umaduka, ndipo othawa amaphedwa ambiri kuposa oima. Apa mpamene Sumani adatenga ulamuliro wa kampani yonse popanda womuuza. Adawasonkhanitsa amuna ake, adawatsogolera kukakumana ndi mdani, ndipo mzere sudaduke. Tsikulo lisadathe Ajeremani adabwerera m'mbuyo, ndipo Mombasa sadamufike.

Chifukwa cha ntchito ya tsiku limeneli Sumani adalandira mendulo yotchedwa African Distinguished Conduct Medal. Dzina lenilenilo likuulula mmene zinthu zidalili: idali mendulo yopatulidwira asilikali akuda, yosiyana ndi yomwe ankalandira azungu pa ntchito yofanana. M'mbiri yonse ya Keyala, palibe msilikali wakuda ndi mmodzi yemwe amene adalandirapo Victoria Cross. Komabe mendulo ya Sumani idachita chinthu chimodzi chachikulu: idakakamiza alembi a boma kulemba dzina lake, udindo wake, malo ndi zomwe adachita. N'chifukwa chake patatha zaka zoposa 100 dzina lake likutchulidwa pano pa Likangala.

Pomwe Sumani ankamenya nkhondo ku Kenya, moto udali utayaka kale kuno kumudzi, ndipo udayamba ndi mzinga. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya boma yotchedwa Gwendolen idaoloka nyanja ya Malawi n'kukaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, yomwe idali pamtunda pa doko la Sphinxhaven, lomwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Mzinga wa sitimayo ulipo mpaka lero pa Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi m'mbali mwa mtsinje wa Shire, ndipo aliyense wodutsa angathe kuugwira. Pa 9 Sepitembala 1914 Ajeremani adaukira Karonga, koma asilikali a Keyala ochokera ku Zomba adawagonjetsa n'kuwalanda mizinga iwiri. Chomvetsa chisoni n'chakuti mbali zonse ziwiri kudali ana a dziko lino. Mu 1911 boma lidathetsa bataliyoni yachiwiri pofuna kupulumutsa ndalama, ndipo ambiri mwa ochotsedwawo adaoloka malire n'kukalembedwa usilikali kwa Ajeremani. Amuna omwe adaphunzira kuguba pa bwalo limodzi mu Zomba adalozetsana mfuti.

Magazi a pa Karonga ndiwo adachititsa mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, kulembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914. M'kalatamo adafunsa chifukwa chomwe amphawi a dziko lino, omwe adalibe kanthu koti apindule, ankafera mkangano wa eni chuma ndi maufumu a kutali, n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Boma lidaletsa kalatayo. Pa 23 Januwale 1915 Chilembwe adaukira, ndipo pa 3 Febuluwale adaphedwa. Kulimba mtima kwa Sumani ndi funso la Chilembwe zonse ndi zoona, ndipo wokumbukira chimodzi asaiwale chinzake.

Tsono nkhani ya mizinga ikufunika kuimvetsa bwino, chifukwa ndi pamene makolo a dera lino akulowera. Mzinga suombedwa ndi munthu mmodzi. Pamakhala wolozetsa, wotsekula ndi kutseka kumbuyo kwake, wokonza chipolopolo kuti chikaphulike pa nthawi yake, ndi ena ochibweretsa. Kutsogolo kumakhala wina wobisala pa chitunda, woona pomwe chipolopolo chagwera, amene amatumiza mawu pa waya wa lamya kapena ndi mbendera kuti alozetse kumanja, kumanzere, pafupi kapena patali. Pa nkhondo ya chiwaya, oomba mizinga nthawi zambiri adali azungu a ku South Africa kapena asilikali a ku India. Koma mzinga usadalire, umayenera kufika pa malo ake, ndipo m'dziko lopanda misewu funso lidali lakuti ufika bwanji.

Mizinga ya m'mapiri idapangidwa moti izimasulidwa zidutswazidutswa, mpope pawokha, magudumu pawokha, tsinde palokha, kuti isenzedwe ndi nyulu. Koma nyulu, abulu ndi akavalo ankafa ngati ntchentche chifukwa cha kashembe ndi matenda ena a ziweto. Nyama zitatha, katundu wawo adagwera pamitu ndi pamapewa pa anthu. Ajeremani nawo ankachita chimodzimodzi. Sitima yawo ya nkhondo, Königsberg, itamizidwa mu mtsinje wa Rufiji mu Julayi 1915, adavuula mizinga yake 10 n'kuiika pa magudumu, ndipo umodzi uliwonse unkakokedwa ndi zingwe ndi amuna mazanamazana. Umodzi mwa mizinga imeneyi udagwetsera moto asilikali a ku Nyasaland a bataliyoni yachiwiri, yomwe idali itakhazikitsidwanso, pa mapiri a Kibata mu Disembala 1916. Mbali zonse ziwiri, wokoka mzinga ndi woomberedwa adali anthu akuda.

Osenza katunduwa ankatchedwa amtengatenga. Kuyambira mu 1916, gulu la nkhondo la General Edward Northey lidalowa m'dziko la Ajeremani kudzera kumpoto kwa nyanja ya Malawi, ndipo chilichonse chomwe linkadya ndi kuomba chinkachokera kummwera. Katundu ankakwera sitima yapamtunda mpaka ku Limbe, n'kudutsa mu Zomba ndi Liwonde kukafika ku Fort Johnston, komwe lero ndi ku Mangochi. Kumeneko ankakwera sitima zapamadzi, ndipo akatsika kumpoto ankayamba ulendo wa pamutu, kukwera mapiri ozizira a Livingstone. Mtolo wa munthu mmodzi unkalemera pafupifupi makilogalamu 25.

Mlimi aliyense wa mpunga angathe kuwerengera yekha vuto lomwe lidalipo. Wosenza naye amadya. Ngati adya kilogalamu imodzi ya ufa pa tsiku, ndipo ulendo ndi wa masiku 12 kupita ndi masiku 12 kubwerera, ndiye kuti wadya mtolo wake wonse asadapereke kanthu kwa msilikali. Choncho pamene nkhondo inkapita kutali, pankafunika osenza ufa wa osenza zipolopolo, ndi enanso osenza ufa wa osenza ufawo. Msilikali mmodzi wa kutsogolo ankaimirira pa mitu ya anthu ambiri. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Denga la nkhondo imeneyi lidasenzedwa ndi mitu ya dziko lonse. Nyasaland idapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, pa nthawi yomwe anthu onse a m'dziko muno adali ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Panalibe boma lomwe lidatsala, ndipo midzi ya pafupi ndi likulu la Zomba idali pakamwa penipeni pa ng'ona.

Ambiri sadapite mwakufuna kwawo. Mafumu ankapatsidwa chiwerengero cha amuna choti apereke, ndipo wolephera ankaopsezedwa kapena kulandidwa ufumu. Amesenjala ndi apolisi ankagwira amuna usiku m'nyumba zawo, ena pa msika, ena chifukwa cha msonkho, ndipo ankawamanga pa chingwe chimodzi mpaka ku boma. Ena ankathawira kuthengo n'kumagona kumeneko miyezi. Omwe adafika ku nkhondo adakumana ndi adani oposa chipolopolo: kamwazi, malungo, chibayo cha m'mapiri ozizira, zilonda za kumapazi ndi njala. Wodwala ankasiyidwa m'mbali mwa njira mtolo wake n'kupatsidwa mnzake. Kumudzi, makasu adatsala m'manja mwa amayi, nkhalamba ndi ana, pomwe boma linkagulanso mokakamiza chimanga, mpunga ndi ng'ombe zodyetsa asilikali.

Chakumapeto, nkhondo idafika kuseri kwa nyanja ino. Mu Novembala 1917 mtsogoleri wa Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, adaoloka mtsinje wa Ruvuma n'kulowa mu Mozambique, ndipo kwa miyezi yambiri magulu a nkhondo adathamangitsana m'dziko la Alhomwe ndi Amakhuwa, kulanda chakudya ndi kugwira amuna mudzi uliwonse womwe adadutsa. Pa 30 ndi 31 Ogasiti 1918 Ajeremani adaukira msasa wa Lioma, m'boma la Gurue, kum'mawa kwa nyanja ya Chilwa. Oteteza msasawo adali a bataliyoni yoyamba, ya Sumani, ndipo tsiku lachiwiri anzawo a bataliyoni yachiwiri adafika kudzawathandiza. Ajeremani adataya amuna ambiri, zipolopolo ndi katundu, n'kuthawira kumpoto. Mabanja ambiri a Chilhomwe a dera lino mizu yawo ili kumeneko, choncho nkhondoyi idawapweteka kuwiri: kuno idawatengera amuna, uko idawapondera minda ya abale.

Ku Ulaya mfuti zidaleka kulira pa 11 Novembala 1918, koma Lettow-Vorbeck adagonja pa 25 Novembala ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala m'dziko la Zambia. Obwerera kumudzi adapeza nkhokwe zopanda kanthu, ndipo pambuyo pawo padabwera mliri wa chimfine womwe udapha anthu ambirimbiri kumapeto kwa 1918 ndi kumayambiriro kwa 1919. Adabweranso ndi zina zomwe zidakhalitsa. Kuguba kwa Keyala, ng'oma zake, maudindo ake ndi mayunifolomu ake zidalowa m'magule monga beni, malipenga ndi mganda. Mnyamata wovina beni lero, atavala ngati msilikali ndi timamendulo tonyezimira pachifuwa, akuvina chikumbutso cha agogo ake ngakhale iye asakudziwa.

Patangopita zaka 21 malipenga adaliranso. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse amuna a dziko lino pafupifupi 28,000 adavala yunifolomu. Mu Julayi 1940 adalimbana ndi Ataliyana pa Moyale, kumalire a Kenya ndi Ethiopia, ndipo n'chifukwa chake kampu ya asilikali ya ku Mzuzu imatchedwa Moyale Barracks. Mu Ogasiti chaka chomwecho bataliyoni yachiwiri idaima pa mapiri a Tug Argan ku Somaliland, mothandizidwa ndi mizinga inayi yokha, kutsekereza gulu lalikulu kwambiri la adani kwa masiku angapo. Mu 1944 adali ku Burma, m'chigwa cha Kabaw, kumenyana ndi Ajapani m'matope a mvula yosakata. Pa nkhondo imeneyi anthu akuda sadangosenza mizinga. Adaphunzitsidwanso kuiomba, kuyendetsa magalimoto ndi kutumiza mauthenga pa wayilesi. Koma pa kuthokoza, tsankho lidatsala pomwepo. Zikalata za boma la Britain zomwe zidaululidwa mu 2019 zidasonyeza kuti msilikali wamba wachizungu ankawerengeredwa masheleni 10 pa mwezi uliwonse womwe adatumikira, pomwe wakuda ankawerengeredwa masheleni atatu ndi theka.

Chipilala cha Keyala, nsanja ya njerwa yomwe imaoneka polowa mu Zomba kuchokera ku Blantyre, chili ndi maina oposa 1,200 a asilikali a bataliyoni yoyamba ndi yachiwiri omwe adafa pa nkhondo ya chiwaya. Amenewo ndi omwe adali ndi nambala ya usilikali. Amtengatenga, omwe adafa ambiri kuposa asilikali, sali pamenepo. Mu Epulo 2021 bungwe losamalira manda a nkhondo la Commonwealth War Graves Commission lidavomereza poyera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri mwa iwo a kum'mawa kwa Africa ndi ku Egypt, sadakumbukiridwe ndi maina awo monga momwe adachitira ndi azungu, ndipo nduna ya zachitetezo ya Britain, Ben Wallace, idapepesa m'nyumba ya malamulo ya dzikolo. Kupepesa n'kwabwino, koma sikudzutsa dzina lomwe lidatayika.

Wina angafunse kuti bwanji osangopita ku boma kukatenga mndandanda. Yankho lake lili mu Zomba momwemu: mu Febuluwale 1919 moto udatentha maofesi a likulu la boma, ndipo zikalata zambiri za zaka za m'mbuyomo zidasanduka phulusa. Zomwe zidatsala ndi zomwe zidalembedwa pambuyo pake zimasungidwa ku National Archives of Malawi, mu mzinda womwewu. Zambiri zomwe zikudziwika lero za amtengatenga zidachokera pakamwa pa eni ake. M'zaka za m'ma 1970 mphunzitsi wina wa pa Yunivesite ya Malawi, Melvin Page, pamodzi ndi ophunzira ake, adayenda m'midzi kucheza ndi nkhalamba zomwe zidaona nkhondoyo, ndipo mawu awo ndiwo maziko a buku lake lotchedwa The Chiwaya War. Akadachedwa zaka 20, sakadapeza woti amufunse.

Lero mwayi wotsala ndi wocheperapo, koma ulipo. M'midzi ya kwa Mwambo, pa Kachulu ndi pa chilumba cha Chisi muli agogo a zaka 80 ndi 90 omwe adakulira pa miyendo ya obwerera ku nkhondo ya chiwaya, ndi ena omwe bambo awo kapena amuna awo adapita ku Burma. Iwo akudziwa kuti uje adagwidwa usiku wakutiwakuti ndipo sadabwerenso, kuti uje adabwera ndi chilonda chosapola, kuti dzina lachilendo la mwana uje lidachokera ku malo omwe agogo ake adakagona. Gogo mmodzi wotere akatsikira kuli chete, mndandanda wonse wa maina umapita naye. M'nyumba zina muli mamendulo, timabuku ta usilikali ndi zithunzi zomwe chiswe chikudya. Namondwe wa Freddy, yemwe adagwetsa nyumba zambiri m'boma lino mu Malichi 2023, adasonyeza kuti pepala losungidwa kudenga lingathe kutha usiku umodzi. Madzi akatayika saoleka.

Pempho loyamba likupita kwa inu mafumu ndi makomiti a chitukuko a m'midzi. Mudzi uliwonse ukhale ndi kope limodzi lolembamo munthu aliyense yemwe akukumbukiridwa kuti adapita ku nkhondo, kaya adali msilikali, wamtengatenga, wophika kapena wonyamula odwala. Mulembe dzina lake, mfunda wake, mudzi wake, nkhondo yomwe adapita, ntchito yomwe adakagwira, ngati adabwerera kapena ayi, ndi dzina la yemwe wapereka umboniwo. Chomwe banja silikuchikumbukira bwino chisiyidwe chopanda kanthu. Kope la mabodza n'loipa kuposa kope la mipata. Mtengo wa ntchito imeneyi ndi kope ndi cholembera basi.

Pempho lachiwiri likupita kwa aphunzitsi ndi ophunzira. Ana ndiwo ali ndi miyendo ndi zolembera. Mwana aliyense akhale pansi ndi agogo ake madzulo amodzi, awafunse, alembe, ndipo pomwe pali foni awajambule mawu. Sukulu zomwe zingathe zikonze ulendo wa ku chipilala, ana akawerenge maina omwe ali pamenepo n'kuona ngati ena akufanana ndi a kwawo.

Pempho lachitatu likupita kwa mabanja. Mendulo isagulitsidwe kwa wodutsa aliyense wobwera ndi ndalama m'manja. M'mphepete mwa mamendulo ambiri a nkhondo ya chiwaya mudadindidwa nambala, dzina ndi gulu la mwini wake, ndipo nambala imeneyo ndiyo mfungulo yofufuzira mbiri yake. Mapepala akulungidwe m'pulasitiki, aikidwe m'chitini chotseka bwino, ndipo ajambulidwe pa foni. Mabanja omwe ali ndi msilikali wakale wamoyo kapena mkazi wake wamasiye adziwitse a khansala ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, komanso bungwe la asilikali opuma la VELOM, lomwe limatsogolera zogulitsa maluwa ofiira aja chaka ndi chaka. Pafupi ndi Cobbe Barracks palinso nyumba zosungirako asilikali okalamba, ndipo mpingo, mzikiti kapena kalabu ya alimi yopita kumeneko ndi thumba la mpunga wa pa Likangala idzakhala itachita chinthu chooneka.

Nkhani imeneyi ili ndi malo ake m'zokambirana za chitukuko. Pa Gazi, tsiku lidapulumuka chifukwa atsogoleri ochokera kutali atagwa padapezeka mwana wa dziko lino wodziwa ntchito, yemwe anzake ankamudziwa ndi kumukhulupirira. Mijigo, milatho, zipatala ndi ngalande za sikimu ya mpunga ya Likangala zimakumana ndi tsiku lotere nthawi iliyonse pomwe obweretsa chithandizo anyamuka. Ndipo monga momwe zidalili ndi mizinga, ntchito iliyonse ya chitukuko ili ndi dzina limodzi kapena awiri pa chikwangwani, pomwe mchenga, njerwa ndi madzi zidabwera pamitu ya anthu ambiri. Dera lomwe laphunzira kulemba maina a amtengatenga ake akale lidzadziwanso kulemba ndi kulemekeza a lero.

Lamulungu lachiwiri la Novembala, pomwe lipenga lidzalire pa chipilala mu Zomba, mudzi uliwonse wa dera lino ungathe kusonkhana pa bwalo la mfumu kwa mphindi zochepa, kope n'kutsekulidwa, maina n'kuwerengedwa mokweza limodzilimodzi, la Sajeni Sumani poyamba, kenaka a kwanu. Ngakhale atapezeka atatu okha chaka chino, awerengedwe atatuwo.